Udzudzu wa m'nyumba ya apongozi

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene mwezi wa Novembala uliwonse, pa tsiku lokumbukira akufa, ndimapita kukalambula kamanda kakang'ono kaja kumudzi kwa amayi anu, kumene kulibe m'bale wanga ngakhale mmodzi. Nthawi zonse ndimakuyankhani kuti ndi ulemu chabe. Si ulemu chabe ayi. Ndalemba pano kuti mudzawerenge nokha, chifukwa pakamwa zandikanika zaka zonsezi.

Chaka chachitatu cha boma la Chitaganya, nyengo yokolola

Ntchito yanga yoyamba inali yotsuka mabotolo m'kachipinda ka gulu la za malungo ku Fort Jameson, kumene lero mumati Chipata. Ndinali ndi Sitandade Sikisi, kabudula mmodzi wa khaki, ndi mkazi amene ndinamusiya kwawo, cha ku Chipangali, ali ndi pakati pa iwe Tereza. Ndinkagona ku komboni ya Kapata, amuna atatu m'chipinda chimodzi, chifukwa nyumba yoti n'kukhalamo ndi banja ankapatsa akapitawo okha. Mkulu wa gulu lathu anali mzungu wamtali amene tinkamutcha Bwana Magalasi, poti magalasi ake ankakhala pamphumi iye ali kalikiliki kuwafuna m'matumba. Chinyanja ankachidziwa ndithu, koma ankachilankhula ngati akukukalipira ngakhale pamene akukuyamikira.

Tsiku lina anandipeza ndikuchotsa kachitsotso m'botolo ndi singano, nayang'ana manja anga nthawi yaitali. Anandifunsa ngati ndimamwa mowa. Ndinati iyayi, ngakhale kuti Loweruka ndinkalawako. "Manja ako sanjenjemera," anatero. "Siya mabotolowo, bwera kuno." Anandikhazika pa makina oonera tinthu tating'ono, nang'amba udzudzu ndi masingano awiri, nandionetsa chifu chake. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti kanthu kameneka kali ndi chifu. Anandiuza kuti woluma ndi waukazi wokha, ndipo magaziwo umafuna kupangira mazira. Ukangomwa, chifu chimayamba kutulutsa timadzi togaya magazi, timene sitikhalamo tambiri usanamwe. Timadzito timayambira m'mbali n'kumalowera m'kati. M'mawa woyamba mimba imakhala yofiira, mawa lake yada, mkuja yatuwa ndi mazira, magazi atheratu. Kunja kukatentha zimachitika msanga. "Ichi usaiwale, Damiano," anatero akugogoda tebulo. "Ife tikuthamangitsana ndi chifu cha udzudzu. Ukachedwa, chagaya umboni wonse."

Umboni wake unali uwu. M'mamawa tinkalowa m'nyumba za anthu ndi tochi ndi kampope kagalasi kokhala ndi paipi ya labala, n'kumayamwa udzudzu wokhuta umene watera m'makoma. Uliwonse tinkaufinya mimba papepala loyera lozungulira, n'kulemba ndi pensulo nambala ya nyumba. Mapepalawo ankapita kutsidya kwa nyanja, kumene ankawapima n'kutiuza ngati magaziwo ndi a munthu, a ng'ombe kapena a mbuzi. Koma ankatha kudziwa pokhapokha ngati unafinyidwa magazi asanagayike. Zonsezi zinali ndi chifukwa chake: mankhwala opopera m'makoma ankabwera ochepa, ndipo ankayamba kupita kumadera kumene mapepala aonetsa kuti udzudzu ukumwa anthu. Ndinaikonda ntchitoyo, ndipo popanda kudzitama, panalibe wondiposa.

Chaka chachisanu cha Chitaganya, kumapeto kwa dzinja

Masiku amenewo anthu sankalikhulupirira boma m'pang'ono pomwe. Mphekesera zinali ponseponse zoti kuli anthu otumidwa kudzapopa magazi, ndiye inu mukafika pamudzi ndi khaki, tochi ndi kampope kagalasi, zitseko zinkatsekeka musanatsike n'komwe panjinga. Bwana Magalasi zinamutopetsa. M'mawa wina anandiitana. "Iwe unakwatira ku Chipangali, eti? Kumeneko amakudziwa, sadzakutsekera. Pita kumudzi kwa mkazi wako. Ndikufuna nyumba zisanu ndi imodzi zoyandikana ndi dambo, ndi midzi ina iwiri ya kutsidya kwa mtsinje. Lole idzakutenga pamsewu Lachisanu." Ine ndinangoti, "Inde bwana."

Mzunguyo ankaganiza kuti ukwati umatsegula zitseko. Ine ndinkadziwa bwino lomwe kuti kumudzi kwa mkazi wako ukwati ndiwo umazitseka. Koma chaka chimenecho ankafuna kusankha kapitawo, ndipo ukapitawo unkabwera ndi nyumba ku Kapata. Ndinaona kuti ndikayamba kufotokoza za miyambo, adzati uyu ndi wam'mudzi, sadzatha ntchito. Ndinatseka pakamwa n'kukwera lole.

Nditafika ndinawerenga nyumba za kudambo zija, n'kutaya mtima. Imodzi inali yathu, ina ya atsibweni a amayi anu, ndipo zinayi zotsalazo zinali za apongozi anga ndi abale awo aakazi, amene kwa ine onse anali apongozi. Inu a lero simungamvetse, mumadyera mbale imodzi ndi apongozi anu n'kumaseka nawo. Ife tikakumana panjira, iwo ankapatukira kutchire, ine kwina. Kulankhulana kunali kwa patali, ine nditanyonyomala, nkhope nditayang'ana kumbali. Mkamwini kulowa kumene amagona apongozi ake, n'kumaunika ndi tochi pamwamba pa mphasa yawo, zimenezo sizinamvekepo. Kuwonjeza apo, mlamu wanga Sesiliya, mng'ono wa amayi anu, anali atangobereka mwana wamwamuna, ndipo anali akadali m'chikuta m'nyumba ya apongozi momwemo. M'chikuta mwamuna salowamo mpaka mchombo wa mwana utagwa. Mwanayo ndi amene anadzabatizidwa dzina loti Paulo.

Amayi anu atamva vuto langa anati, "Bambo a Tereza, musayerekeze n'komwe, mudzi wonse ungatiseke mpaka kufa. Ndipatseni kampope kanuko, ine ndimalowa monsemo." Ndinawaphunzitsa kayamwidwe kake kuseri kwa nkhokwe. Poyamba ankayamwa mwamphamvu n'kumatsokomola, koma posakhalitsa anadziwa. Ndinawapatsa makapu anayi apepala otsekedwa ndi kansalu kopyapyala, nyumba iliyonse kapu yake. Mapepala ofinyira sindinawapatse. Bwana ankaletsa kuti wina asawagwire, komanso ndinene zoona, ndinkaganiza kuti kufinya ndi kulemba manambala ndi ntchito ya munthu wophunzira. Za timadzi togaya magazi sindinawauze. Ndinangoti agwire m'mawa mwake, ine ndipite kutsidya kwa mtsinje, ndidzabwera dzuwa lisanafike pamutu.

Ndili kutsidyako kunagwa chimvula, mtsinje unasefukira. Ndinakhala masiku awiri ndikungoyendayenda m'mbali mwa madzi, mumtima ndikuwerenga: lero yofiira, mawa yakuda. Nditawoloka Lachinayi masana ndinathamangira kunyumba matope thupi lonse. Amayi anu ananditulutsira makapu aja akumwetulira. "Taonani, sunafe ngakhale umodzi. Ndaika kansalu konyowa ndi madzi a shuga pamwamba, ndausamala ngati anapiye." Ndinasuzumira. Udzudzu unali wambiri ndithu, wamoyo, wonenepa, koma mimba zonse zinali zotuwa ndi mazira. Ndinafinya umodzi, papepala panangotsala kadontho kotumbuluka.

Mukundidziwa mmene ndimapsera mtima. Ndinakuwa pabwalo pomwepo kuti mwaononga ntchito, magazi onse atha, ine ndimafuna magazi osati udzudzu woweta. Amayi anu anangoima ndi makapu m'manja, misozi ili m'maso. Apongozi anali kuseri kwa nyumba yawo, ndipo anamva zonse. Mpaka pamenepo iwo ankaganiza kuti mwana wawo akungowachotsera udzudzu. Tsopano anadziwa kuti chofunika ndi magazi, magazi a m'nyumba muli khanda la masiku asanu, ndipo akupita kwa azungu. Anatuma mawu kudzera mwa amayi anu: kampope kagalasi kasadzaonekenso m'nyumba yawo kapena ya m'bale wawo aliyense. Mwayi wogwiranso m'mawa wa Lachisanu ndinauphera ndekha ndi pakamwa panga.

Lachisanu m'mamawa ndinali ndi mapepala odzaza a nyumba ziwiri, ndi anayi opanda kanthu. Atsibweni anali ndi ng'ombe zolimira, ndipo pambali pa khola panali kachisakasa kofolera ndi udzu kogonamo ana a ng'ombe. Ndinalowamo ndi tochi. Udzudzu unali mbwee kudenga, mimba zofiira. Ndinayamwa, kufinya, kuyamwa, kufinya, mpaka mapepala anayi aja anadzaza. Kenaka ndinatenga pensulo n'kulemba manambala a nyumba za apongozi. Ndinadziuza kuti magazi ndi magazi, mwina udzudzuwo unayamba waluma anthu n'kudzapuma kuno. Atsibweni anandipeza ndikutuluka. "Kodi boma layamba kudera nkhawa ng'ombe zanga?" anandifunsa akuseka. Nanenso ndinaseka, n'kupita kukadikira lole.

Chaka chomwecho, mwezi wa Okutobala

Mayankho ankatenga miyezi. M'kati mwa miyeziyo ndinauzidwa kuti ukapitawo ndi wanga, ndipo nyumba ndidzalowa Disembala. Ndinayamba kuiwala za khola lija. Tsiku lina kukutentha kwambiri Bwana Magalasi analowa ndi kalata m'manja, nkhope ili ngwee, zimene sizinkachitika kawirikawiri. "Damiano, apongozi ako ali ndi mwayi. Taona apa. M'nyumba zinayi izi pafupifupi magazi onse ndi a ng'ombe. Udzudzu wa kumeneko umamwa ng'ombe n'kubwera kudzangopuma m'nyumba. Ng'ombe zikuwatchinjiriza anthu." Anati popeza mankhwala abwera ochepa, mudzi umenewo ndi midzi yoyandikana nawo aichotsa pamndandanda wa chaka chino, migolo ipite kumene kuli koopsa. Mndandandawo unayenera kupita ku likulu kumapeto kwa mwezi. Anandisisita paphewa n'kunena kuti ndinagwira ntchito yabwino.

Ndinkadziwa mmene udzudzu unalili m'makapu a amayi anu, ndipo ndinkadziwa amene unamwa. Mvula inali pafupi. Iwe Tereza unali ndi zaka ziwiri, ukugona pafupi ndi dambo lomwelo. Chofunika chinali kungolowa mu ofesi n'kunena mawu ochepa. Koma mawu amenewo akanachotsa ukapitawo, nyumba, mwina ntchito yonse, ndipo ena ankati kunamiza boma papepala munthu amapita nako kundende. Tsiku lililonse ndinkanyamuka ku Kapata nditatsimikiza kuti lero ndinena. Ndikafika pakhomo la ofesi, ndinkamva bwana akutsokomola m'katimo, miyendo n'kundipititsa kumabotolo. Chakudya chinkandikanika. Manja aja amene ananditengera ntchito anayamba kunjenjemera, mpaka ndinaononga chifu cha udzudzu katatu motsatizana, bwana n'kundifunsa ngati ndayamba mowa.

Sabata yachiwiri ndinabwereka njinga n'kupalasa mpaka kumudzi. Ndinapeza amayi anu kudimba, ndipo ndinawauza zonse. Anaika khasu pansi, osandikalipira. "Kaneneni," anatero.

"Amake Tereza, ndikanena nyumba ija yapita. Tadikirani Disembala, ndidzakutengani inu ndi mwana, mudzakhale ku Kapata. Kumeneko amapopera."

"Ife mudzatitenga. Nanga mwana wa Sesiliya adzamutenga ndani?"

Komabe nditabwerera ku tauni ndinakhalanso sabata yathunthu ndisananene. Ndinkadziuza kuti mwezi sunathe, nthawi ikadalipo. Ichi ndicho chimandipweteka koposa bodza lenilenilo.

Ndinalowa mu ofesi Lolemba la sabata yachinayi. Sindinakhale pansi. Ndinanena za apongozi, za chikuta, za mtsinje, za makapu, za khola la atsibweni. Ndinkayembekeza kuti akuwa monga ankachitira. Iye anavula magalasi n'kuwaika patebulo.

"Bwanji sunandiuze kuti sulowa m'nyumba ya apongozi ako?"

"Ndinaopa kuti muziti ndine wam'mudzi, bwana."

"Ndikanatuma munthu wina, wachilendo, iwe n'kungomuperekeza. Basi. Zinali zophweka chonchi." Anatsegula kabati n'kutulutsa pepala lotsalira la mndandanda. "Mndandanda unanyamuka Lachinayi lapitali. Anaufuna msanga chifukwa cha mvula. Migolo agawa kale."

Iye analemba kalata tsiku lomwelo, ine ndikuona, yopempha kuti midziyo ibwezeretsedwe. Yankho linabwera mvula itayamba kale, loti mankhwala atha, tidikire chaka chamawa. Kundende sananditumize, ntchito sanandichotse. Anandilanda ukapitawo ndi nyumba, nandichotsa pa makina, nandiika m'gulu lonyamula mpope wopopera pamsana. Mawu omaliza amene anandiuza tsiku limenelo anali oti manja abwino alipo ambiri, iye ankafuna munthu woti akalemba nambala, nambalayo ikhale yoona.

Ndinapita kusitolo ya amwenye n'kugula neti imodzi, yokhayo imene ndikanatha. Ndinaitumiza kumudzi. Munagonamo iwe Tereza ndi amayi ako.

Chaka chachisanu ndi chimodzi cha Chitaganya

Dzinja limenelo ndinkachita mantha ndi munthu aliyense wotsika lole ya ku Chipangali. Mu Januwale iwe Tereza unadwala malungo, koma unachira. Mu Febuluwale atsibweni anabwera okha panjinga, ndipo nditawaona atavula chipewa akadali patali ndinadziwa. Paulo anatentha thupi masiku atatu, anayamba kukomoka, ndipo anamwalira Sesiliya atamubereka kumsana, ali panjira yopita kuchipatala cha mishoni. Anali asanakwanitse chaka.

Sindikufuna kukunamizani ngakhale podzitsutsa. Ana ankafa ndi malungo ngakhale m'midzi yopoperedwa. Sindikudziwa ngati mankhwala aja akanamupulumutsa, ndipo palibe angandiuze. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndikanalowa mu ofesi tsiku limene kalata inabwera, khoma la nyumba imene ankagona likanapoperedwa.

Mu Okutobala mudziwo unali woyamba pamndandanda, ndipo ndinali m'gulu lopita kumeneko. Anthu anatulutsa katundu yense pabwalo monga tinkalamulira: mphasa, mitsuko, madengu, ufa. Ena ankang'ung'udza, koma maliro a dzinja lija anali atawafewetsa. Ndinapopera nyumba yathu, ndinapopera ya atsibweni. Titafika panyumba ya apongozi ndinaima patali, n'kuyamba kumasula malamba a mpope kuti ndipatse mnzanga. Apongozi anali atakhala pafupi ndi katundu wawo, Sesiliya ali pambali pawo. Ndinkayembekeza kuti atembenukira kumbali monga mwa masiku onse. Sanatembenuke. Amayi anu anali atawauza zonse maliro atatha, ine osadziwa.

"Musapatse wina," anatero apongozi, akundiyang'ana m'maso koyamba chikwatirireni mwana wawo. "Lowani ndinu, bambo a Tereza. Mukaone."

Ndinamanganso malamba n'kuwerama pakhomo. M'katimo munali mopanda kanthu, mukununkha utsi. Khoma linali lozira ndi dothi loyera. Ndinayatsa tochi monga mwa chizolowezi, kuyambira kudenga kutsika m'munsi. Pakona pamene Sesiliya ankagona ndi mwana, chapafupi ndi pansi, khoma linali ndi timadontho takuda tambirimbiri, tina topakika ndi chala. Unali udzudzu umene ankaupha ndi chikhatho dzinja lonse, uli wokhuta, usanagaye kanthu. Magazi amene ndinkawafuna papepala anali pamenepo, ndipo sindinafunike kuwatumiza kutsidya kwa nyanja kuti ndidziwe mwini wake.

Ndinapopa mpope n'kupopera khomalo kuyambira pamwamba mpaka pansi, mzere ndi mzere, monga anatiphunzitsira. Pakona paja ndinabwereza kawiri, ngakhale kuti malamulo ankaletsa kuononga mankhwala. Nditatuluka apongozi anali atatembenukira kumbali, ndipo sanadzandiyang'anenso m'maso mpaka tsiku limene anamwalira.

Ndinagwira ntchito ya za malungo mpaka kupuma, ndipo patapita zaka anandibwezera pa makina. Aliyense amene ndinamuphunzitsa ndinkamuuza za timadzi togaya magazi tsiku loyamba lomwelo, kaya ndi wophunzira kaya ndi wongonyamula makapu. Tsopano mawondo anga akukana njinga, ndipo basi imanditsitsa kutali ndi mudzi. Iwe Tereza, neti ija unagonamo ndiwe. Novembala akubwerayu udzanditengere khasu, ndikakuonetse pamene pali Paulo.